Sitima inandisiya padoko, mankhwala a ba Inga ali m'chikwama changa

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kupha munthu amene anandikonda ngati mwana wake, ndipo chinandisocheretsa si mowa kapena mwamuna ayi, koma dzuwa.

Kwathu ndi ku Mpanshya, m'boma la Rufunsa. Ndili mtsikana ndinkagwira ntchito m'nyumba ya ba Inga, namwino wachizungu wa ku Norway amene anakhala pamishoni zaka zambiri mpaka Chinyanja chinawalowa m'magazi. Atakalamba anabwerera kwawo. M'zaka za m'ma 1990 anandiitana kuti ndikawaperekeze pa ulendo wa sitima ya pamadzi, yoyenda m'mphepete mwa dziko lawo kulowera kumpoto, n'kumaima doko ndi doko. Ankafuna kukaonanso komaliza tawuni imene anabadwira. Anali ndi matenda a shuga ndipo manja awo ankanjenjemera, choncho ntchito yanga inali yosunga mankhwala ndi kuwabaya jakisoni.

Ine amene ndinkangodziwa bwato la pa mtsinje wa Lunsemfwa ndinalowa m'chombo chokhala ndi masitepe, zipinda ndi malo odyera aakulu kuposa tchalitchi chathu. Inali Juni, mwezi umene kwathu timaotha moto, koma uko amati ndi nyengo yotentha. Mapiri ankatuluka m'madzi momwemo, akuda bii, pamwamba pali sinowo, chipale choyera mbee. Mathithi ankagwa kuchokera kumitambo. Tsiku lina namgumi anatulutsa msana pafupi nafe n'kupemerera madzi m'mwamba, ine n'kugwada pansi osadziwa kuti ndagwada. Ba Inga anaseka mpaka misozi.

Chimene chinandithetsa nzeru ndi dzuwa. Tikamapita kumpoto usiku unkafupika, mpaka unatheratu. Ba Inga anandichenjeza kuti, “Mwana wanga, dzuwa la kuno usalikhulupirire, n'labodza. Uziyang'ana wotchi.”

Tinaima padoko lina laling'ono, la nyumba zofiira ndi nsomba zoyanika pamitengo italiitali. Ba Inga anali atatopa, anati agone pang'ono, ine nditsike ndikaone malo koma ndisachedwe, chifukwa sitima sikhalitsa. Wotchi ndinali nditaivula powasambitsa, ndinaisiya pasinki. Chikwama ndinanyamula monga mwa chizolowezi, osakumbukira kuti mankhwala onse ali momwemo.

Kuseri kwa nyumba kunali kanjira kokwera phiri. Ndinati ndingofika pa mwala uwo. Nditafika ndinaona wina patsogolo. Pamwamba penipeni, abale anga, ndinaima n'kuyang'ana uku ndi uku. Nyanja inali phee, yowala ngati mkuwa wopukuta, zilumba zitamwazika mpaka kumene maso amathera. Mbalame zoyera zinkauluka kunsi kwa mapazi anga. Panalibe phokoso lililonse. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuimba nyimbo ya ku kwaya, misozi ikutsika, ndikuganiza za amayi anga amene anamwalira osaona ngakhale Lusaka. Ndikayang'ana dzuwa, linali pomwe paja, ngati nthawi imene kwathu munthu amati ndilimeko mzere wina ndisanaweruke. Mutu unkadziwa chenjezo lija, koma thupi lokulira kumunda linakhulupirira dzuwa.

Hutala inalira, ine ndinayesa ndi ya chombo china. Nditaimirira ndinaona sitima yathu ikutuluka pakati pa zilumba, yaing'ono ngati bakha.

Mmene ndinatsikira phirilo sindikumbuka. Ndinafika padoko mawondo ali magazi, ndikukuwa m'Chinyanja. Mayi wina wa mu ofesi ya padoko anandigwira mapewa n'kundifunsa m'Chingerezi. Nditatsegula chikwama kuti ndimuonetse tikiti, ndinaona mabotolo a mankhwala aja. Nthawi ya jakisoni inali itadutsa kale.

Mayiyo analankhula ndi a m'sitima pa wailesi. Anayankha kuti kubwerera sangathe, ndipo mankhwala a mtundu umenewo alibe. Kenako mayiyo anapita kukagogoda kwa bambo wina woyendetsa lole ya nsomba, amene anavomera kunditengera kudoko lotsatira. Sitinkamvana chinenero. Anangondipatsa jekete lake ndi khofi. Msewu unkazungulira mapiri, tinawoloka madzi pa pantoni, ndipo njira yonseyo dziko linali lokongola mochititsa mantha, ine ndikupemphera kuti Mulungu asatenge ba Inga chifukwa cha ine.

Tinapeza sitima yadutsa kale, koma ba Inga anali atawatsitsa n'kuwatengera kuchipatala. Atadzuka n'kundisowa, anali atayendayenda m'chombo monse akundiitana, osadya kanthu, poganiza kuti ndagwera m'madzi, mpaka anakomoka n'kuthyoka chiuno pamasitepe.

Ndinawapeza ali pa diripi, nkhope itatuwa. Ndinagwada pambali pa bedi. Ndinkayembekeza kukalipiridwa. Iwo anandisisita mutu n'kunena motsitsa kuti, “Uli moyo, basi. Tsopano ndiuze, unaona chiyani pamwamba paja?”

Ndinawafotokozera zonse, zilumba, mbalame, kuwala kuja, iwo atatseka maso akumwetulira. Chifundo chimenecho chinandipweteka kuposa mbama.

Ulendo unathera pomwepo. Kwawo kumene anabadwira sitinafikeko, ndipo sanayendenso bwino mpaka pamene anamwalira. Ine ndinabwerera ku Mpanshya, ndipo anthu akandifunsa za kunja ndinkangosimba za namgumi.

Inu owerenga, sindikukuuzani kuti musayende. Mukapeza mwayi pitani, dziko la Mulungu ndi lalikulu kuposa mmene timaganizira, ndipo zimene ndinaona sindingazisinthanitse ndi chilichonse. Koma eni dziko akakuchenjezani, mverani, ngakhale maso anu akuuzeni zina. Ndipo ngati pali munthu amene moyo wake uli m'manja mwanu, musanatuluke pakhomo imani kaye, muone chimene mwanyamula ndi amene mwamusiya. Phiri lija likadalipo mpaka lero, likanatha kundidikira. Ba Inga ndiwo sakanatha.