Mpeni Kumbuyo kwa Mkanjo

Dzulo fungo la kanyenya pamsika wa Mitundu linandibwezera ku Nathenje, m'mawa wa ukwati wa achemwali anga, ndili kamtsikana.

Kwathu ndife Akhristu, koma mbuzi ya pamwambo ankatizingira ndi abambo ena achisilamu ogulitsa usipa, kuti alendo onse adye. Sabata imeneyo wailesi inali italengeza za mabomba amene anapha anthu kumaiko akutali. Abambowo atangofika, amalume, omwe sankadziwa kumeza mawu, anatchinga pakhomo la khola.

"Mpeni wa anthu opha anzawo usakhudze mbuzi yanga! Ndi mmene munayambira kalekale, buku kudzanja ili, mfuti kudzanja linalo."

Ndinaopa kuti abambowo abwerera, ukwati n'kuipa usanayambe.

"Simukunama zonse ayi, achimwene," anayankha abambowo modekha. "Agogo anga ankasimba za Asilamu ogwira akapolo. Ankasimbanso za ena amene ankawadzudzula ndi buku lomwelo. Njira ziwirizi n'zakale. Ine anandilera ndi a njira yachiwiriyo."

Amalume anapatuka akung'ung'udza.

Abambowo anandipempha madzi m'beseni. Ndinkayesa ndi osamba m'manja, koma anayamba kumwetsa mbuziyo, akuisisita pakhosi pang'onopang'ono. Mkanjo wawo unkamveka fungo la usipa ndi sopo. Dzanja linalo anali atalipinda kumbuyo.

"Mwabisiranji mpeni?" ndinafunsa.

"Isauone, mwanangu," ananong'ona. "Ingachite mantha."