Nkhata ya Maluwa a Manachesi

Ndikakumbukira a Nachisale, chimene chimayamba kundifika ndi utsi wa ndowe zouma umene ankafukiza pansi pa mitengo yawo ya manachesi, utsi woyera, wolemera, umene unkakwawa pansi n'kulowa m'nyumba mwathu kudzera m'ming'alu ya chitseko, n'kukhazikika m'mabulangete mpaka madzulo. Iwo ankati akuthamangitsa tizilombo. Amayi anga ankati akuthamangitsa anthu. Mkati mwa utsiwo munkamveka kulira kwa zitini zakale zimene anazimangirira pa waya kuzungulira munda wonse, kuti mbuzi kapena mwana akangokhudza, iwo atulukire pakhomo legeni ili m'manja. Inde, legeni, munthu wamkulu wa imvi zake. Ndipo sankaphonya.

Tinkakhala nawo moyandikana m'mudzi wina wa kumtunda kwa Matandani, nyumba yawo ndi yathu zitangolekanitsidwa ndi kanjira ka kumjigo. Ankakhala okha. Moyo wawo wonse unali m'mitengo ija. Chilimwe chikafika, phiri lonse litauma gwa, iwo ankatsika kukhwawa ndi ndowa, kukwera nayo pamutu, kuthira pa tsinde limodzi, n'kutsikanso, mpaka miyendo itayera fumbi ngati aponda mu ufa. Nthawi yozizira opikula ochokera ku Zalewa ankabwera ndi lole, ndipo mchere wawo, sopo, feteleza ndi chitenje cha pachaka zinkachokera pamenepo. Nachesi likagwa lokha, ankalitola n'kukaponyera nkhumba ife ana tikuyang'ana. Ndinakula ndikudziwa kuti nkhumba ya a Nachisale imadya bwino kuposa ine.

Ndi amayi anga sankalankhulana. Mbuzi yathu inadya mbande zawo zomezanitsa, iwo anaithyola mwendo, ndipo awiriwa anakatukwanizana kumjigo mudzi wonse ukumva. Kuyambira tsiku limenelo akakumana m'kanjira, wina ankayang'ana kuphiri, wina kudambo. Ine ndinkapereka moni mwaulemu monga mwana, ndipo yankho linali limodzimodzi chaka chonse: "Talikira waya, iwe mwana wa Nabanda."

Amayi anamwalira mu Okutobala, ine ndili mu Sitandade 4. Anadwala nthawi yaitali, choncho palibe amene anadabwa. Ndinali mwana mmodzi yekha. Bambo anali atatisiya kalekale n'kukakwatira ku Zalewa, komwe ankagulitsa makala m'mbali mwa msewu. Kutentha kwa mwezi umenewo sikulola thupi kudikira, ndiye atsibweni anga, alongo awo a amayi, anagamula kuti maliro aikidwa tsiku lotsatira dzuwa lisanapendeke.

Kwathu manda akakwiriridwa, woyendetsa mwambo amaitana anthu mmodzimmodzi kuti akaike nkhata zamaluwa. Amayamba ndi mwamuna kapena mkazi wa malemu, kenako ana, kenako achibale, mpingo ndi ena otero. Munthu amaitanidwa ngati nkhata yake ilipo. Ngati palibe, dzina lake silitchulidwa, basi. Nkhatazo amaluka ndi amayi a kumpingo m'mawa wa tsiku loika maliro, ndipo chaka ndi chaka ankadalira maluwa ofiira a pampanda wa tchalitchi. Koma sabata yomweyo tinali titaika mphunzitsi wina wopuma ntchito, munthu wa achibale ambiri, ndipo mpanda wonse anauyeretsa mbee. Amayi amene anatumidwa ndi lichero anabwerako ndi timaluwa tofota tosadzaza n'chikhatho chomwe. Anatumiza njinga kumidzi yoyandikana nayo. Kumene mbuzi zinasiya, dzuwa linali litamaliza.

Bambo anafika m'mawa womwewo ndi nkhata imodzi ya pulasitiki, yonyezimira, yokutidwa m'pepala. Anabwera ndi mkazi wawo watsopano, ndipo ndi iyeyo amene anaitsitsa panjinga n'kuipukuta fumbi ndi nsonga ya chitenje chake. Ndinaona ndi maso angawa.

Amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, anandikokera kuseri kwa nkhokwe. "Edina, maluwa asowa. Akaitana bambo ako, iwe udzuke nawo limodzi, ugwireko mbali ya nkhata yawo ija. Wamva?"

"Ija wapukuta mayi uja?"

"Nkhata ndi nkhata, mwanawe. Usativutitse lero."

"Sindigwira."

"Ndiye ukhala pansi ngati mlendo amayi ako akuikidwa, eti?"

Ndinachokapo. Sindinali kulira, ndinali nditakwiya, ndipo mkwiyo wa mwana wa msinkhu umenewo suona patali. Ndinkangodziwa zinthu ziwiri. Chinthu chimene chadutsa m'manja mwa mayi uja sindichiika pa amayi anga, komanso ndikakhala pansi, tsikulo lidutsa popanda aliyense kunena mokweza kuti a Nabanda asiya mwana.

Ndinazungulira mudzi ndekha, wopanda nsapato, nthaka ikuwotcha. Ndinayang'ana kuseri kwa mabafa kumene madzi amayenderera, ndinatsikira kudimba la atsibweni, ndinafika mpaka palupsa la kuseri kwa sukulu. Ndinapeza duwa limodzi la maungu, ndipo linafotera m'manja ndisanafike nalo pamsewu. Pobwerera ndinadzera m'kanjira ka kumjigo, ndipo mpamene ndinaima. Mitengo ya a Nachisale inali yoyera maluwa kuyambira pansi mpaka kunsonga, njuchi zikulira m'menemo ngati chigayo chakutali. M'dera lonselo panalibenso china chimene chinachita maluwa, chifukwa panalibenso wina amene ankasenzera mitengo madzi.

Sindinakhudze waya. Ndinangoima. Eni ake anali atakhala pakhonde, akumanga duku kuti abwerere kusiwa, pakuti ngakhale adani amapita pamaliro, ndipo dzulo lake anali atabweretsa kale mtolo wa nkhuni ndi mbale ya ufa monga aliyense.

"Ukufuna chiyani pamenepo?"

"Palibe."

"Palibe amaimira pa waya wa eni? Kodi siiwe ofedwa? Ukuyendayenda bwanji ngati nkhuku?"

"Ndimafuna maluwa a nkhata. Asowa."

"Nanga ija abweretsa bambo ako?"

"Ndi yawo ndi akazi awo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kukamwa kuli kokhota monga mwa masiku onse. Kenako anayang'ana mitengo yawo. Mwana aliyense wa kwathu amadziwa kuti duwa la nachesi ndi nachesi la mawa, ndipo ine sindinapemphe, chifukwa kupempha zimenezo kukanakhala ngati kuwauza kuti andipatse nkhokwe. Anangoti, "Pita kwanu. Ukutsekereza njira."

Ndinabwerera kusiwa n'kukhala pamphasa pafupi ndi bokosi. Amayi a kumpingo ankaimba. Uthenga unali utafika kale woti adzukulu atsiriza kukumba. Nyimbo ina itatha, pa kamphindi kaja anthu amapuma asanayambe ina, tonse tinamva chikwanje. Kha! Kha! Kha! Chinkamveka kuchokera m'munda wa a Nachisale.

Abale inu, kwathu maliro ali m'mudzi munthu sagwira khasu kapena chikwanje m'munda mwake mpaka thupi litaikidwa. Ndi chipongwe chachikulu, ndipo munthu amalipa nacho mlandu. M'nyumba monse munadzaza manong'onong'o. "Mwamva? Akusadzira mitengo yake mnzake ali gone apa!" Wina anati, "Nkhani ya mbuzi ija mpaka lero? Koma mayi uyu ndi mfiti ndithu." Amayi aang'ono anayamba kulira mokweza, akutchula dzina la malemu. Atsibweni anadzuka pagulu la azibambo nkhope ili gwa, n'kulunjika kukanjira kaja, anthu angapo akuwatsatira.

Sanafike n'kutali. Anakumana ndi a Nachisale akubwera, akukoka nthambi zazikulu pansi, fumbi lili koboo m'mbuyo, zina atazisenza pamutu, maluwa akuyoyokera m'duku ndi m'mapewa. Sanathyole timaluwa tapansi ayi. Anadula nthambi zenizeni, zimene zikanabereka. Anawadutsa atsibweni ngati sakuwaona, anafika pabwalo, n'kuziponya patsogolo pa amayi a kumpingo.

"Mwakhala chete bwanji? Luzi lili kuti? Kapena mukufuna ndikakusendereninso?"

Palibe amene anapepesa, ndipo iwo sanadikire zimenezo. Anakhala pansi, miyendo tambalale, napinda kanthambi kofewa kukhala mkombero, n'kuyamba kumangirira. Amayi ena anagawana nthambi zotsala, ndipo zinatuluka nkhata za mpingo ndi za achibale. Koma yoyamba ija anailuka okha, osalola munthu kuikhudza, magazi akutuluka m'zala chifukwa mitengo imeneyi ili ndi minga. Atamaliza anakweza mutu n'kuitana, "Mwana wa Nabanda ali kuti?" Ndinapita ndikugwada. Anandiika nkhatayo m'manja n'kunena kuti, "Gwira bwino, ikubaya. Ndipo usagwireko ya munthu wina."

Kumanda woyendetsa mwambo anaitana amuna a malemu. Bambo anadzuka, anandiyang'ana pang'ono, anaona zimene ndinanyamula, n'kupita okha. Kenako ndinamva, "Mwana wa malemu." Ndinayenda ndekha pakati pa anthu onse aja. Nkhope ya amayi m'bokosi sindiikumbukira bwino masiku ano, ndipo ulaliki wa tsikulo ndinauiwala wonse. Chimene chinatsala ndi munga umene unandilowa m'chikhatho, dothi lofiira lotentha pansi pa mawondo, ndi njuchi zimene zinatsatira nkhata ija kuchokera kumudzi, mpaka abusa anachita kubwerera m'mbuyo akuzikupiza ndi buku la nyimbo.

Nthawi yozizira itafika, mitengo ya m'mbali mwa kanjira inali ndi zipsera zokhazokha, ndipo lole ya opikula inachoka pakhomo pawo yosadzaza. Chaka chimenecho a Nachisale tinawaona akupalira m'minda ya anthu kuti apeze feteleza, chinthu chimene anali asanachitepo. Amayi aang'ono, amene tsopano ankandilera, anandituma ndi nkhuku kuti ndikathokoze. Anaibweza.

"Ukawauze kuti sindinachitire Nabanda. Amako anali amwano mpaka tsiku lomaliza, ndipo mbande zanga sanabweze. Ine zinangondinyansa kuona mwana akupita kumanda a mayi wake chimanjamanja. Tenga nkhuku yakoyo, ndipo uzitalikira waya."

Sitinasanduke mabwenzi. Nachesi lawo sindinalilawepo. Ndinapita kusekondale, kenako ku Blantyre kukagwira ntchito yosoka, ndipo ndikabwera kumudzi moni wathu unali wachidule monga kale.

A Nachisale anamwalira ine ndili ndi ana anga kale. Unali mwezi wa Juni, maluwa achikasu ali mbwee m'mbali mwa msewu wonse, moti sanavutitse munthu. Ndinathyola odzaza chitenje potsika basi, ndinaluka nkhata yanga pabwalo lawo, n'kukhala nayo pamiyendo kumanda. Woyendetsa mwambo anali mnyamata wa masiku ano, wosadziwa zakale. Anati, "Amuna a malemu anatsogola kale. Ndipo popeza gogoyu sanakhale ndi mwana, tipita kwa achibale."

Ndinadzuka asanamalize. Anandiyang'ana, anayang'ana akuluakulu, ndipo atsibweni, amene tsopano ankayendera ndodo, anamugwedezera mutu. Mnyamatayo anakonza kukhosi n'kunena kuti, "Pepani. Mwana wa malemu." Ndikudziwa kuti a Nachisale akanakhala moyo akanandikalipira pamaso pa anthu onse aja. Pamenepo mpamene ndinalira, kulira kwenikweni, kumene sindinalire ndili mu Sitandade 4.

Masiku ano ndili m'gulu la amayi oluka nkhata kumpingo kwathu, ndipo amandidziwa kuti ndine wovuta. Maofesi ndi makomiti amadikira. Ndimayamba ndafunsa kuti ana a malemu alipo angati, ndipo aliyense amalandira yakeyake ngakhale ikhale yaing'ono ngati chibangili. Tsiku lolambula kumanda likakwana kwathu, ndimakwera basi n'kukalambula manda awiri. Ali motalikirana, ena kumtunda, ena kumunsi, ndipo ndikhulupirira kuti eni ake onse awiri akukondwera nazo zimenezo.