Nkhuku yanga ndi dzuwa la Lachisanu

Ndikukumbukira bwalo la simenti limene linali kuseri kwa kalabu ya mabwana, pa esiteti ya tiyi imene ndinakulira ku Thyolo. Ife ana a ku malayini, kunyumba za antchito, tinkalidziwa ngati malo abwino oyendetsapo magalimoto a mawaya. Uku ndi uku kunali mzati wachitsulo wokhala ndi thabwa pamwamba, ndipo pathabwapo panali mphete ya dzimbiri. Palibe amene anatiuzapo ntchito yake. Ine ndinkauza anzanga kuti azungu akale ankapachikapo nyali, ndipo ankandikhulupirira, chifukwa kuyambira ndili wamng'ono ndinali ndi mphatso yonena zinthu zimene sindikuzidziwa, nkhope ili gwa ngati munthu amene anaziona ndi maso.

Mphatso imeneyi inandipatsa dzina. Pa mpira wamiyendo ndinkalosera zigoli masewero asanayambe. Ndikalasa ndinkazungulira malayini onse kukumbutsa anthu, ndikaphonya ndinkati woyimbira wadya. Anzanga ankanditchula kuti Mlosi, ena monyoza, koma ine ndinkavomera ndi mtima wonse.

Chaka china, nyengo yozizira ija tiyi akachepa m'minda, mizati ija anaipenta, mphete zija anazimangirira maukonde oyera. Kenako malole anatsitsa anyamata ataliatali, ena mpaka kuwerama polowa pakhomo la kalabu. Tinamva kuti ndi mpikisano wa makoleji, mpira wake basiketibolo. Kunali koleji ya aphunzitsi, ya zaulimi, ya zaumisiri yochokera m'tauni, ndi ya zachipatala ya ku mishoni ya anthu a Sabata. Tikangoweruka kusukulu tinkathamanga kudutsa m'mizere ya tiyi, mame akutinyowetsa mpaka m'chiuno, kukakhala pa chiunda cha kapinga pambali pa bwalolo. Mphepo inkabweretsa fungo la ku fakitale, fungo lija la masamba ofota limene limakhala m'malaya a munthu aliyense wa pa esiteti.

Tsiku loyamba anzanga anandizungulira kufuna ulosi. Ndinayang'ana magulu awiri amene ankasewera tsikulo, ndinatsokomola pang'ono, n'kunena kuti aphunzitsi apambana ndi zigoli ziwiri kwa chimodzi.

Zigoli zanga zitatuzo zinakwana ndisanakhazikike n'komwe pa kapinga. Mpira utangoponyedwa m'mwamba, mnyamata wina anauwakha ndi manja onse awiri, ine n'kukuwa kuti hande. Woyimbira sanacheuke. Wina anayamba kuunjanjitsa pansi ngati mwana wosowa chochita, anthu n'kumamuombera m'manja. Wina anangoyenda nawo pang'ono ataukumbatira bwinobwino, wezulo inalira, n'kumulanda. Ndiye kuti kugwira ndi manja si mlandu, koma kuyenda ndi mlandu. Mutu unayamba kundizungulira. Chinandimaliza ndi ukonde uja: unali wobooka kunsi. Anthu akuluakulu, ophunzira, ankatuluka thukuta kulimbirana kuponya mpira m'dengu lobooka, mpirawo n'kugwera pansi, iwo n'kumasangalala. Kwathu munthu wa dengu lobooka kapitawo ankamubweza asanafike n'komwe pa sikelo.

Panalinso bambo wina wolemba zigoli ndi choko pa bolodi. Mpira ukalowa kamodzi ankawonjezera ziwiri, nthawi zina zitatu, nthawi zina chimodzi. Ndinatsimikiza mumtima kuti munthuyo akuba, kungoti sindinathe kudziwa kuti akubera ndani, poti onse ankawawonjezera. Aphunzitsi anga aja anagonja ndi zigoli zochuluka kuposa zimene timu ya esiteti inkachinya chaka chonse. Pobwerera kunyumba anzanga ankangoti ziwiri kwa chimodzi, ziwiri kwa chimodzi, mpaka pakhomo pathu.

Mlosi sagona ndi manyazi. M'mawa mwake, popita kusukulu, ndinadutsa pamene amayi ankathyola tiyi ndi gulu lawo, ndipo maso anga anagwera pa amayi a Fanuelo, amene ankakhala khomo loyandikana ndi lathu. Manja awo ankathamanga pamwamba pa tiyi ngati nkhuku zikutola mapira. Akadzaza manja ankaponya masambawo kumbuyo, kudutsa paphewa, kulowa m'dengu la kumsana, osacheuka, uku akukamba nkhani ndi anzawo m'Chilomwe, ndipo tsamba silinkagwa pansi. Pomwepo nzeru inanditsikira. Mwana wawo, achimwene a Fanuelo, ankaphunzira ku mishoni ndipo anali m'timu ya kolejiyo. Ngati mayi amalasa dengu asakuliona, nanga mwana amene dengu lili patsogolo pake, maso ali tong'o? Anyamata a m'tauni dengu analidziwira kuti?

Masana amenewo ndinalengeza kuti a mishoni atenga chikho, ndipo chifukwa chake ndinachifotokoza mwatsatanetsatane. Anapambanadi masewero awo. Kunena zoona, achimwene a Fanuelo nthawi yambiri anali pa benchi, ndipo atalowa anaphonya kuposa kulasa. Amene ankagoletsa anali mnyamata wina wonenepa wa kumpoto amene mwina mtengo wa tiyi anauonera pawindo la basi. Koma zimenezo sizinandigwedeze. Dzina langa linabwerera, ndipo ndinayenda ngati kapitawo.

Ndime yomaliza inali Lachisanu, a mishoni ndi a zaumisiri a m'tauni. Kunacha ndi chiperoni. Nkhungu inatsika m'phiri n'kuphimba minda yonse, mvula yake yowaza ija yosamveka padenga koma yolowa mpaka m'mafupa. Masewero anayenera kuyamba dzuwa litangopendeka, koma simenti inali yoterera ngati therere. Tinadikira. Kutayera pang'ono, antchito a pa kalabu anayamba kukankha madzi ndi matsache, ena akupukuta ndi masaka, ife tikunjenjemera pa kapinga, manja m'khwapa.

Apa m'pamene anandiyandikira Lemekezani. Anali mnzanga wa m'kalasi, mwana wa kalaliki wa pa sikelo, wa banja la Sabata, ndipo anali yekhayo pa esiteti yonse amene anali ndi mpira weniweni wachikopa. Enafe tinkamenya wa mapepala omanga ndi luzi.

“Iwe Mlosi, lero zitha bwanji?”

“A mishoni. Ngati ukukayika kafunse dengu la amayi a Fanuelo.”

Sanaseke. Anayang'ana kumadzulo, kumene mitambo inayamba kung'ambika pamwamba pa mabulugama, kenako anayang'ana anthu a matsache aja.

“Ndiye ika nkhuku yako ija. Ine ndiika mpira wanga.”

Nkhuku imeneyi sinali nkhuku wamba. Anandipatsa ndi amalume anga a kwa Mphuka, thadzi lamawangamawanga, ndipo inali itangoyamba kuikira. Amayi anali atanena kale kuti anapiye ake akakula tidzagulitsa, ndipeze nsapato zanga zoyamba za kusukulu. Inali chuma changa chonse pa dziko lapansi. Koma ndinaona mwana wa Sabata akubetcha motsutsana ndi timu ya mpingo wake womwe, ndipo ndinati uyu wapenga, ndimudye asanachire. Ndinayambanso kunenerera. Ndinati mpira wake uli ndi chigamba, pomwe nkhuku yanga ndi yathunthu ndipo ili ndi mazira m'mimba, choncho awonjezere pampu. Anavomera nthawi yomweyo. Tinakolana zala, mnzathu wina n'kudula. Lero, patapita zaka ndikukangana mitengo ndi anthu pamsika, ndimadziwa kuti munthu akavomera msanga ndiye kuti pali chimene akuona iwe usakuchiona. Tsiku limenelo ndinangoti ndine katswiri.

Masewero anayamba mochedwa kwambiri, ndipo a mishoni anayamba ngati moto wolusa. Wonenepa uja ankaponya ali kutali, mpira n'kulowa osakhudza chitsulo, wa choko n'kuwonjezera zitatu. Tsopano sindinkamutchulanso wakuba. Ngakhale achimwene a Fanuelo analasa kamodzi, ine n'kuimirira kuloza anthu onse kuti mwaona magazi a dengu. Malamulo sindinkawamvabe. Wezulo ikalira ndinkayamba ndayang'ana nkhope za a mishoni, zikasekerera ndisekerere, zikakwinyika nditukwane woyimbira. Mumtima ndinali nditayamba kale kusankha amene azidzasewera mpira wanga ndi amene azidzangotola ukapita m'tiyi.

Chimene chinkandidabwitsa ndi Lemekezani. Timu ya m'tauni imene anabetcherayo inkagonja, koma iye bwalo sankaliyang'ana. Anakhala chammbali, maso ali kuphiri. Mphunzitsi wa a mishoni, bambo wachikulire wa jekete yotuwa, nayenso ankangocheukira komweko. Ndinayang'anako kuti mwina kukubwera mvula ina. Kunalibe kanthu, dzuwa lokha, lofiira ngati phwetekere, likutsikira m'mabulugama.

Litangomira, bambo wa jekete uja anaimirira n'kupita kwa woyimbira. Ananong'onezana. Wezulo inalira. Mnyamata amene anali ndi mpira anauika pansi pakati pa bwalo mofatsa ngati dzira. A mishoni anapereka moni wa m'manja kwa anzawo aja mmodzimmodzi, anavala majuzi, anaima mozungulira n'kuyamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Ine ndinkaganiza kuti ndi lamulo linanso la mpira wodabwitsawu, mwina kupuma kwa mtundu wina. Ndinazindikira kuti zinthu zavuta nditaona akulowera ku lole. Ndinathamanga n'kuwagwira juzi achimwene a Fanuelo.

“Achimwene, wavulala ndani?”

“Palibe wavulala, mphwanga. Sabata lalowa.”

“Koma mukutsogola.”

“Tikutsogola, inde. Koma lalowa.”

Anandisisita kumutu n'kukwera.

Za Sabata ndinkazidziwa. Ndinakulira moyandikana ndi anthu ake. Ndinkadziwa kuti Lachisanu amayi a Fanuelo amaphikiratu nyemba zawo za kalongonda dzuwa likadalipo, ndipo Loweruka sagwira khasu kapena munsi. Koma ndinkayesa kuti lamulolo ndi la khasu, munsi ndi dengu. Mpira si ntchito. Kwathu munthu ankakwapulidwa chifukwa chothawa ntchito kupita ku mpira. Nanga zinatheka bwanji kuti mpira womwewo ukhale ntchito dzuwa likangolowa?

Akuluakulu a mpikisano anakangana kwa kanthawi, kenako anati amene watuluka m'bwalo wagonja. Chikho anapatsa a m'tauni, amene anachinyamula mwamanyazi ngati munthu wotola chinthu cha mwini pamsewu. Pa bolodi zigoli zinali zikadalipo, a mishoni ali pamwamba, palibe anafufuta. Ndinaima pamenepo kuyang'ana bolodi, kuyang'ana chikho, kuyang'ananso bolodi. Ulosi wanga unali woona pa choko, wabodza pa chikho.

Lemekezani anandidutsa akuthamangira kwawo, poti nayenso anali atachedwa. “Nkhuku ndi yanga,” anatero, “koma lero sindingalandire, ndi Sabata. Undisungire mpaka Lamulungu. Uziipatsa madeya.”

Loweruka lonse ndinadyetsa nkhuku ya mwini. Ndinaganiza zonena kuti yagwidwa ndi kabawi, ndinaganiza zomupatsa ina yodwala chitopa, koma mboni zinali zambiri ndipo zala tinali titakolana. Lamulungu m'mawa ndinaipanira m'khwapa, ndinauza amayi kuti ndikukaionetsa kwa tambala wabwino, n'kutsetserekera ku nyumba za makalaliki. Inali yofunda, mtima wake ukugunda pa nthiti zanga, ndipo njira yonse ndinkayang'ana mapazi anga ong'aluka.

Pakhonde ndinapeza bambo ake a Lemekezani akupukuta njinga. Anali mkulu wa mpingo, munthu wosakweza mawu. Anandifunsa kuti nkhuku ikupita kuti. Ndinafotokoza zonse, kuyambira dengu la amayi a Fanuelo, chiperoni, pampu, mpaka bolodi, ndili ndi chiyembekezo choti mwina aweruza ngati khoti la apilo. Anamvetsera osandidula, kenako anaitana mwana wawo.

“Unabetcha?”

“Eya, ababa.”

“Unkadziwa kuti dzuwa liwapeza asanamalize?”

Lemekezani anayang'ana pansi.

“Ndiye iwe Sabata unalisandutsa nyambo yokolera nkhuku za anthu.” Anatembenukira kwa ine. “Bwerera nayo, mwanawe. Nkhuku ya juga silowa m'khola langa.”

Munthu wanzeru akanathokoza n'kuthawa. Ine ndinaima kaye, n'kufunsa mwaulemu kuti nanga za mpira ndi pampu zikhala bwanji, poti pa bolodi wopambana ndinali ine. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo, ndipo miyendo yanga inamva msanga kuposa mutu. Ndili pa mtunda ndinamva Lemekezani akulandira malipiro ake kuseri kwa nyumba. Mpira uja unatsekeredwa m'sutikesi mpaka chaka chinatha, ndipo ana onse a pa esiteti anandida ine.

Masiku ano ndimagulitsa mapeyala ndi kabichi m'mbali mwa msewu pa Bvumbwe. Bwalo lija ndinalionanso ulendo wina, simenti inang'aluka, m'ming'alu munamera udzu, mzati umodzi unagwa. Anyamata a pamsika sakhalanso pa kapinga kudikira kuti simenti iume. Amabetcha pa foni, pa makoleji a kutsidya kwa nyanja amene sadzawaona n'komwe, ndipo palibe bambo wa magalasi wowabwezera nkhuku. Akamva kuti kale ndinali Mlosi amabwera kudzandionetsa mayina a matimu kuti ndiwasankhire. Ine ndimayamba ndafunsa kuti anyamatawo amapemphera mpingo wanji, ndipo masewerowo ayamba dzuwa lili pati. Amaseka, amati mdala wasokonezeka.

Mwina akunena zoona. Mpaka lero sindidziwa ngati tsiku lija ndinapambana kapena ndinagonja, poti Sabata limene linandilanda nkhuku ndi lomwelo linandibwezera. Chimene ndikudziwa n'chakuti thadzi lija linaswa, anapiye anakula, ndipo nsapato zinagulidwa. Zinali zothina, koma ndinanenerera ndekha mtengo wake.