Felesita ndi Mtanda wa Bulugama

Felesita anabadwira m'mudzi wina pakati pa Nambuma ndi Kabudula, m'banja la a Andrea Nkhoma ndi akazi awo a Theresa. A Andrea ankalima fodya wa chikopa. Mwana wamwamuna analibe, choncho nyengo yopachika fodya ikafika, wokwera m'chigafa anali Felesita. Ankayenda pa mitanda ya pamwamba manja onse ali ndi fodya, osagwira paliponse, amayi ake ali pansi kukuwa kuti atsike asanathyoke khosi.

Mu 1951 anamutumiza ku sukulu ya atsikana ya ku mishoni. M'kalasi sanali wanzeru kwambiri, ndipo masamu ankamuzunguza mutu. Amene anamuzindikira anali Sisitere Helena, mzungu wamfupi wa ku Holande, wolankhula Chichewa cha m'mphuno. Tsiku lina mtsinje utadzaza, Sisitere anaona atsikana akuwoloka pa mtengo umodzi wogonekedwa pamwamba pa madzi. Onse ankawoloka chokwawa, koma Felesita anawoloka choimirira, ndowa yodzaza ili pamutu.

"Mtsikana iwe, dzina lako ndani?" anafunsa Sisitere.

"Felesita, amayi."

"Bwereranso tsidya lija, uwolokenso."

"Madzi ndatunga kale, amayi."

Sisitere anaseka, koma anamubwezabe. Felesita anawolokanso kachiwiri, ndipo atafika pakati anamuuza kuti atembenuke. Anatembenuka madzi osatayika.

Kwawo ku Ulaya, Sisitere Helena asanalowe usisitere, ankachita mpikisano wa masewera olimbitsa thupi: kuyenda pa mtanda, kuima chadodolido, kudumpha n'kutembenuka m'malere. Mtima wake unali usanachokeko ku zimenezo. Anauza kalipentala wa pa mishoni kuti apale mtengo wa bulugama mpaka usalale, m'lifupi mwake ngati chikhatho cha munthu, n'kuukhazika pa miyendo yofika m'chifuwa. Pansi anayalapo masaka odzaza ndi makoko a mtedza. Anasoka yekha akabudula a nsalu ya buluu omanga m'mawondo. Atsikana angapo anayamba nawo, koma ambiri anasiya atangolawa kuwawa kwake. Felesita sanasiye.

Sisitere pa mtanda sanali yemwe uja wa m'tchalitchi. Mawu ake ankauma. Phazi likapotoka pang'ono ankaimba wezulo, munthu n'kuyambiranso. Zikhatho za Felesita zinatuluka matuza, matuzawo anaphulika, pamalopo n'kumera zikang'a. Akagwa, Sisitere sankamudzutsa. Ankangonena kuti, "Mtanda sunasunthe. Wasuntha ndiwe." Felesita ankalira, koma m'mawa mwake ankapezeka ali pomwepo anzake asanamalize kusesa. Anzake akamufunsa chimene chikumukokera kumeneko, ankalephera kufotokoza bwino. Ankangoti akakhala m'malere, mutu uli pansi, phokoso lonse limatha, ndipo palibe amene angamutume kalikonse.

Mpikisano wake woyamba unachitika mu 1953, pamene masukulu a mishoni anakumana pabwalo lina kufupi ndi Namitete. Anapita pa lole, mtanda wawo atamangirira m'mbali. Masukulu ena nawonso anali atayamba masewerawa, chifukwa Sisitere Helena anali atakopa aphunzitsi anzake. Kumeneko Felesita anakumana ndi Edina, mtsikana wamtali wa cha ku Mpingu, wodumpha kwambiri kuposa iye. Pa masewera a pansi Edina anamuposa. Koma atafika pa mtanda, Felesita anaima chadodolido pamwamba pake, anatsitsa miyendo pang'onopang'ono, kenako anatembenuka chammbuyo n'kutera pansi ndi mapazi onse osagwedera. Amayi ena analulutira. Anabwera kwawo ndi bulangete ndi riboni yofiira.

Zaka ziwiri zotsatira anapambananso, ndipo kachiwiriko kunali ku boma ku Lilongwe, pamaso pa azungu a zipewa ndi akazi awo. Chikho chinakakhala mu ofesi ya sukulu. Iye anapatsidwa sopo ndi nsapato za chinsalu, zimene ankangozivala popita ku Misa.

Kumudzi nkhaniyi sinakome. Akhristu anzawo ankati mwana wamkazi kuimika miyendo m'mwamba pamaso pa amuna n'kulaula, kaya wavala kabudula kaya ayi. Amene sanali Akhristu ankaseka, amvekere amishoni amaletsa gule, koma taonani akuphunzitsa mtsikana kupidiguka ngati chilombo chochokera kudambwe. Anyamata anapeka nyimbo yomunena, ndipo ankaiimba akamuona akupita kudimba. Chimene chinkawawa kwambiri a Theresa ndi mawu a amayi anzawo ku mtondo, akuti mtsikana wotembenuka chonchi chiberekero chake chimatembenukanso.

"Mwana wanga, siya zimenezi," anatero a Theresa Felesita atabwera ku tchuthi. "Bulangete tili nalo kale."

"Amayi, Sisitere anati sizoona zimenezo."

"Kodi Sisitereyo anabereka angati?"



Pofika 1956 anali atatha msinkhu. Chiuno chinakula, thupi linalemera, ndipo zimene ankachita mosavuta zinayamba kufuna mphamvu. Sisitere anauza ophika kuti azimuchepetsera chakudya. Felesita ankakwera pa mtanda ali ndi chizungulire cha njala. Tsiku lina anatera molakwika, kakolo wa mwendo wamanzere n'kubinya. Anatupa, anaphwa, anatupanso. Sanauze aliyense. Ankapita kumtsinje kukaviika phazi m'madzi ozizira, pobwera n'kumayesetsa kuyenda mowongoka.

Chaka chomwecho kunabwera uthenga woti ku Halale kudzakhala chionetsero cha achinyamata a maiko atatu a chitaganya, ndipo mtsikana mmodzi wa chigawo chapakati adzapita. Wopitayo anayenera kusankhidwa pa mpikisano wa ku Lilongwe. Sisitere anafika yekha kumudzi pa njinga kudzapempha makolo. Ananena kuti Felesita akakachita bwino, adzamupezera malo ku sukulu ya uphunzitsi ngakhale masamu ake ndi ofooka.

A Andrea anakondwa. Koma mwini mbumba anali a Isaac, mlongo wawo wa a Theresa, munthu amene anagwirako ntchito ku Halale komweko ndipo chitaganya ankadana nacho kwambiri. Sisitere atachoka, a Isaac anakhala pakhonde n'kuitana mwana wa mlongo wawoyo.

"Felesita, ku Halale ine ndinakhalako. Munthu wakuda salowa pakhomo la kutsogolo la sitolo, amagulira pa windo. Ndiye iwe ukapidiguke pamaso pawo, iwo aziomba m'manja, kenako ajambule chithunzi chako n'kumauza dziko kuti anthu a ku Nyasalande akusangalala ndi chitaganya, eti?"

"Malume, ine za chitaganya sindizidziwa. Ine ndikufuna kukaona ngati kuli wondiposa."

"Sukuzidziwa, koma izo zikukudziwa."

A Andrea analowererapo. "Alamu, mwanayu akakhala mphunzitsi, si phindu la mbumba yanu yomwe?"

"Inu alamu, pano munabwera kudzakwatira," anayankha a Isaac. "Za ana a mlongo wanga musiyireni ine."

A Andrea anatola khasu lawo n'kupita kumunda, ngakhale dzuwa linali pamutu. Kuyambira tsiku limenelo amuna awiriwa analekana kudyera mbale imodzi. Felesita anabwerera ku sukulu osatsazika amalume ake, ndipo tsiku la mpikisano litafika anakwera lole popanda chilolezo chawo.

Ku Lilongwe kunali mphepo ya mwezi wa Juni ndi fumbi. Atsikana ankavalira kuseri kwa mpanda wa udzu. Felesita atavula nsapato, Edina, yemwe anali atabweranso chaka chimenecho, anaona phazi lija.

"Mnzanga, phazi ili latupa ngati dzungu. Ukwera nalo?"

"Usauze munthu."

"Ndikakupambana uli chonchi, sindikondwa."

"Ndiye ndimange."

Edina anang'amba mpango wake n'kumumanga kakolo mwamphamvu. Felesita anachita za pansi akukukuta mano, ndipo oweruza anamupatsa malikisi ochepa pang'ono kuposa a Edina. Zonse zinatsalira pa mtanda. Anakwera bwino, anayenda, anaima chadodolido, ndipo anthu amene anaona amati sanachitepo bwino ngati tsiku limenelo. Potsika anadumpha chammbuyo monga mwa masiku onse. Phazi lamanzere litagunda pansi kunamveka kuti thyo, ndipo ngakhale okhala kumbuyo anamva. Felesita sanakuwe. Anayesa kuimirira kuti akweze manja monga anaphunzitsidwira, koma anagwa chammbali.

Anagona m'chipatala mpaka nyengo yozizira itadutsa. Fupa linalumikizana, koma mokhota. Sisitere Helena anabwera kudzamuona atanyamula malalanje. Anakhala pa mpando nthawi yaitali akungoyang'ana mwendo uja.

"Bwanji sunandiuze, Felesita?"

"Munaona, amayi. Ndinkatsimphina pamaso panu."

Sisitere anasenda lalanje limodzi, analiika pa mbale, n'kutuluka. Chaka chotsatira Sisitere anadwala chifuwa ndipo anabwerera kwawo. Za sukulu ya uphunzitsi palibe anazitchulanso. Edina, amene anapambana, nayenso sanapite ku Halale, chifukwa abale ake anakana monga momwe anakanira a Isaac. Anakwatiwa ku Msundwe, ndipo awiriwa sanaonanenso.

Felesita anabwerera kumudzi akutsimphina. A Isaac sanamukalipire, komanso sanamufunse kuti mwendo uli bwanji. Akakumana panjira ankayankha moni n'kupitirira. Nyimbo ya anyamata ija inawonjezeredwa ndime ya mwendo.

Mu 1957 anakwatiwa ndi Wilson, mnyamata wofatsa wa ku Nsaru amene ankakonza njinga pa msika. Wilson anamanga nyumba kuseri kwa ya apongozi ake, ndipo poyamba ankakhala bwino. Mimba yoyamba inapita padera. Alongo ake a Wilson anabwera kudzapepesa, koma asanachoke ananena mokweza, kuti apabanja onse amve, kuti iwo anali atamuchenjeza mlongo wawo za mkazi wopidiguka. Namwino wa ku chipatala anauza Felesita kuti zimenezi zimachitikira amayi ambiri amene sanakwerepo ngakhale pa chulu. Felesita anamva, koma mumtima mwake kukaikira kunalowa, ndipo kwa nthawi yaitali ankadziimba mlandu. Wilson sanamunenepo mawu oipa. Anangoyamba kuchedwa ku msika, kenako analembetsa Wenela n'kupita ku migodi ya ku Joni. Pochoka sankadziwa kuti mkazi wake ali ndi pakati pena.

Mwezi wa Malichi 1959 boma linalengeza za ngozi m'dziko, ndipo apolisi anayamba kugwira anthu odana ndi chitaganya. A Isaac anawatenga m'mawa ali m'munda mwawo, fodya atakhwima. Akazi awo anali odwaladwala, ana awo ali aang'ono. A Andrea anati iwo fodya wa munthu amene anawanyoza sangamukhudze. Felesita, mimba ili patsogolo, anayamba kupita yekha kumunda kwa amalume ake. Ankathyola fodya, kunyamula pamutu, kusoka. Mwendo ukatupa ankakhala pansi n'kumasoka chokhala. Patapita masiku a Andrea anachita manyazi, anabwera kudzasonkha moto m'chigafa.

Mwana anabadwa nthawi yokolola chimanga, wamkazi, wamoyo ndi wolira mwamphamvu. Anamutcha Ester. Amayi aja a ku mtondo anabwera kudzamuona, anamuyamikira kuti ndi wonenepa, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anakumbutsa zimene ankanena kale. Uthenga unatumizidwa ku Joni kudzera mwa anthu opita kumeneko. Wilson anatumiza bulangete la mwana kamodzi, kenako anangoti zii. Sanabwererenso, ndipo Felesita sanakwatiwenso. Ester anamulera ndi khasu.

A Isaac anamasulidwa mvula yoyamba itagwa, ataonda, mano ena atachoka. Anapeza nkhokwe yawo ili ndi chimanga, fodya atagulitsidwa, ndi munda utagaulidwa kale mizere. Akazi awo anawauza zonse. Madzulo a tsikulo a Isaac anapita kwa mlongo wawo, anapeza Felesita akusenda chinangwa, mwana ali kumbuyo. Anakhala pa mpando, chipewa chili m'manja.

"Ndamva kuti munda wanga walima ndiwe."

"Eya, malume. Abambo anathandizako."

"Ndi mwendo umenewo?"

"Winawu ndi wabwino."

A Isaac anatambasula manja n'kunena kuti, "Tabwera naye kuno mdzukulu wangayo ndimuone."