Phazi la Mayi Zipi

Pakhonde la sitolo ya zitsulo pankakhala telala amene aliyense ankangowatchula kuti Mayi Zipi. Zaka makumi awiri akhala akupalasa makina osokera ndi phazi lakumanja, msana utapindika ngati mbedza. Pakamwa ndiye osanena. Ukabwera ndi thalauza yong'ambika kumbuyo, unkayamba wamva kaye za kunenepa kwako.

Mwendo wakumanjawo utayamba kuwawa, kuchokera m'thako mpaka kuchala chachikulu, iwo anati ndi matenda a telala aliyense. Anapaka mankhwala otentha, n'kumanga bandeji. Phazi litachita dzanzi anangosinthira lakumanzere, ngakhale linkatopa msanga. Mayunifolomu a sukulu anali mulu, akanasiyira yani? Ndi mmene tilili anthufe, makina akangolira pang'ono timathira mafuta tsiku lomwelo, koma thupi timati lidikire. Zinapitirira choncho mpaka tsiku lina mwana wawo wamkazi anaona patapata itavuka n'kutsala pamsewu, mayi ake akungoyenda osamva kanthu.

Kuchipatala dokotala anayang'ana chithunzi cha msana kwa nthawi yaitali.

"Vuto si mwendo, mayi, lili m'chiunomu. Pakati pa mafupa a msana pamakhala kanthu kofewa. Kanu kanatuluka n'kupana mtsempha wopita kuphazi."

Mayi Zipi anadzigwira m'chiuno. Miyezi yonseyi ankapaka mankhwala pamalo olakwika.

Dokotala anafotokoza njira ziwiri: kung'amba pang'ono n'kuchotsa kachidutswa kopana mtsemphako, kapena kulumikiza mafupa awiri ndi zitsulo ngati msana ukugwedera. Kwa iwo yoyambayo inali yokwanira.

"Ndiye ndidzayamba liti kupalasa?"

"Phazili linayamba liti kulendewera chonchi?"

"Chaka chatha."

Dokotala anaika cholembera pansi. "Ululu utha, mayi. Koma mtsempha ukapanika nthawi yaitali chotere, nthawi zina subwereramo."

Mantha anawagwira Mayi Zipi. Anasaina pepala la opaleshoni.

Opaleshoni inayenda bwino, ululu unathadi. Patapita miyezi itatu anabwerera ndi mwana wawo uja kukapimidwa. Dokotala anawakhazika pabedi, n'kuwavula nsapato.

"Tadzutsani zalazi."

Mayi Zipi analiyang'anitsitsa phazi lawo, atakukuta mano, thukuta likutsika pamphumi.

"Ndikudzutsatu, adokotala. Kodi simukuona?"

Zalazo sizinasunthe ngakhale pang'ono. Mwana wawo anatembenukira kukhoma.