Nambala Yolembetsa pa Chiphaso cha a Sellah

Akulu anga a Sellah anabadwira kwa Simlemba konkuno. Ngati munadutsako nthawi yosankha fodya mwina munawaona: mayi wamfupi, manja ali bii ndi phula la fodya, atakhala tambalale pakhomo pa chigafa choumitsiramo fodya. Masamba amawadziwa ndi zala. Atatsinzina akhoza kukuuzani kuti ili ndi lapansi, ili ndi lakunsonga. Sukulu analekera Sitandade 6, nkukwatiwa ndi alamu a Ephraim, mkamwini wochokera kwa Kapelula, munthu wofatsa wosadziwa ndewu. Akhala m'banja zaka makumi awiri ndi zinayi, ana anayi, woyamba ndi Chance. Vuto la a Sellah ndi limodzi, ndipo ine Tiyamike, mng'ono wawo, ndawakalipira mpaka kutopa: sadziwa kukana. Mchere apereka, khasu apereka, ngakhale chitenje chatsopano chimene sanachivalepo apereka.

Chaka chatha anapereka chiphaso cha unzika.

Pa esiteti yoyandikana nafe panabwera matenanti ochokera ku Phalombe, mabanja odzalima fodya wa mwini munda. Mwa iwo munali Feliya, mayi wamng'ono wa ana awiri. Mwamuna wake Patrick ankamumenya ngati akupuntha nyemba, ndipo esiteti yonse inkadziwa. Feliya anapeza kafoni kogwiritsidwa kale ntchito, nkumakabisa m'thumba la chimanga. Koma nambala salembetsa popanda chiphaso, ndipo chake chinapita ndi madzi osefukira kwawoko. Ndiye anapempha ndani? A Sellah, nanga ndaninso! Anapita limodzi pamsika, nambala nkulembedwa m'dzina la a Sellah. Kuno zimenezi si zachilendo. Theka la mafoni a m'mudzi muno ali m'maina a anthu ena.

Chimene a Sellah sanadziwe ndi chakuti Feliya analowa pa tsamba lina la pa intaneti lopezerapo zibwenzi, lomwe ngakhale apabanja amalowapo mobisa. Sanaikepo nkhope. Anangolemba kuti: Jane wa ku Kasungu, wapabanja, wotopa.

M'mwezi wa Meyi akuba a pa intaneti anathyola tsamba lija nkumwaza zonse poyera. Wina wopanda chochita anasankha nambala za anthu a ku Kasungu, mndandanda nkuyamba kuyenda m'magulu a pa foni. Maina anali abodza, koma anthu kuchenjera! Ukalemba nambala ngati ukufuna kutumiza ndalama, foni imakuonetsa dzina la mwini wake. Anakhala masewera a mudzi wonse. Inenso ndinasewera nawo, sindikana, ndinaseka mpaka misozi pamene linatuluka dzina la mphunzitsi wina. Tsiku limenelo tinali pachigayo, amayi pafupifupi khumi, ndipo mnzanga Consolata ndiye ankawerenga mokweza. Anafika pa Jane, nkulemba nambala. Anandiyang'ana.

"Tawerenga iwe!" anatero amayi ena.

"Sellah Chimphako."

Dzuwa lisanapendeke, nkhani inali itafika kale kuchigafa kumene alamu ankamanga mabelo a fodya.

Alamu sanakuwe, sanatukwane. Anangofunsa kuti, "Amake Chance, foni inayo mumaibisa kuti?" A Sellah anati alibe foni ina. Anafunsanso kuti nanga dzinalo lafikapo bwanji. A Sellah, poopera Feliya, sanamutchule. Kuyambira tsiku limenelo alamu analeka kudya chakudya cha akazi awo, madzi osamba nkumadzitungira okha. Kumpingo anawauza a Sellah kuti ayambe apumula ku gulu la amayi mpaka nkhani ioneke mutu wake. Mwana wawo wamkazi anabwera kusukulu akulira, anzake akumutcha mwana wa Jane.

M'mawa wotsatira tsiku la pachigayo lija, a Sellah anathamangira ku esiteti. Anamupeza Feliya yekha kudimba. Atangomva, anagwada m'matope momwemo nkuwagwira miyendo.

"Amayi, mundiphetsa. Akangomva bambo uja, ine mundiika konkuno. Dikirani fodya athe. Tikangokwera lole yobwerera kwathu, mudzanene zonse. Chonde, amayi, ndagwira mwendo wanu."

Ndipo a Sellah anavomera. Anavomera! Atandiuza, ndinatsala pang'ono kuwamenya ndi mthiko.

"Asisi, mutu wanu ukuyenda bwino? Banja likutha ili! Miyezi itatu mukhala mukutchedwa hule chifukwa cha munthu amene simudziwa ngakhale kwawo?"

"Unaliona diso la Feliya lija sabata yatha?" anatero. "Ine anthu angondinena. Uja amupha. Ukatsegula pakamwa, Tiyamike, usadzanditchulenso kuti m'bale wako."

Ndinasunga chinsinsicho, ndipo mpaka lero ndimadzida nazo. Miyezi itatu imeneyo a Sellah anaonda, chitenje nkumazungulira kawiri. Ankaphika, chakudya nkubwerera chosakhudza. Ankasankha fodya moyang'anizana ndi amuna awo tsiku lonse popanda liwu limodzi. Ankangowerenga masiku, nkumafunsa aliyense wa ku esiteti kuti lole ibwera liti. Ankhoswe anakhala kawiri, kawiri konse a Sellah anangoti, "Ndipatseni nthawi, ndidzafotokoza." Alamu anati akadzagulitsa belo lomaliza, ngati sipadzakhala yankho, adzabwerera kwawo kwa Kapelula.

Lole inanyamuka Lachiwiri, mu Ogasiti. Lachisanu m'mawa a Sellah anaitanitsa ankhoswe, nkhope ikuwala koyamba chichokereni Meyi. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yawo. Anafotokoza zonse: chiphaso, msika, Feliya, matope a kudimba.

Nkhoswe ya kuchimuna inaseka. "Mayi, miyezi itatu munthuyo ali pompa simunamutchule. Lero wapita ku Phalombe ndiye mwamukumbukira? Ife si ana."

Ine ndinalumpha kuti ndichitire umboni. Anandikhazika pansi, ati mng'ono sangatsutse mkulu wake. Apa mpamene a Sellah anazindikira kuti mboni yawo yokhayo anaikweza okha pa lole.

Alamu anatulutsa foni yawo. "Chabwino. Tiyimbe nambalayo tonse tikumva. Akayankha Feliya nkuvomera, nkhani yatha, ine ndipepesa pamaso pa anthu onsewa."

Anaiyika pampando, mawu atakweza. Inaitana katatu. Anayankha mwamuna, ndipo mawuwo ndinawazindikira. Anali Patrick.

"Ndani? Mukufunanso Jane? Foni iyi ndaipeza m'katundu dzana, ndangoyatsa amuna akungoimba, Jane, Jane!"

"Ndine Sellah, wa kwa Simlemba," anatero akulu anga.

"Eyaa, ndimafuna inu nomwe! Mkazi wangayu akuti foniyi ndi yanu, munamupatsa tikunyamuka kuti akubisireni. Ndaona, dzina likutuluka lanu. Koma ine sindikukhulupirira. Ndili naye pompano, chitseko ndatseka. Nenani ndimve: Jane ndinu, kapena ndi uyu?"

Kumbuyo kwake kunkamveka mwana akulira, ndi munthu wamkulu akupuma mosisima, osayankhula.

Ndinawagwira mkono. "Asisi, nenani zoona! Chonde nenani!" Alamu anali atawayang'ana, maso ofiira, akudikira. Ndikulumbira, bambo aja ankafuna kupepesa. Ankangofuna liwu limodzi.

A Sellah anawerama pafupi ndi foni ija.

"Jane ndine. Musiyeni mwanayo, sanalakwe."

Foni inaduka. Nkhoswe ya kuchimuna inaimirira nkukutumula fumbi pa thalauza, ati yadzimvera yokha. Ine ndinalira mokuwa ngati pamaliro. A Sellah anakwawa ndi maondo mpaka pamene panakhala amuna awo.

"Abambo a Chance, mwamva nokha mmene zinalili. Mukudziwa kuti si ine. Mukudziwa!"



"Ndikudziwa," anatero alamu. "Ndadziwa lero. Koma miyezi itatu ndakhala ndikusekedwa pamsika, ndikudwala mumtima, inu muli nalo yankho m'kamwa. Simunandikhulupirire ngakhale kundinong'oneza m'nyumba. Ndipo lero mwavomera pamaso pa abale anga. Ndikawauza chiyani kwathu?"

Analowa m'nyumba, natuluka ndi chikwama, nkuchimangirira panjinga. A Sellah anagwira kaliyala ya njingayo ndi manja onse awiri, akukokeka nayo mpaka kumsewu, akuitana dzina la amuna awo lenileni, limene sindinawamvepo akulitchula chikwatiwireni. Tinachita kuwamasula zala chimodzichimodzi.