Tsiku Limene Nyemba Zinandiulula

Linali Lachiwiri m'mawa, kwathu ku Mozambiki. Ndinali ndi zaka khumi. Tinkalemba mayina a mbewu pansi pa mtengo wa mango. Mfuti italira kumsika, aphunzitsi anatiuza kuti tikwirire makope mumchenga.

Anthu amfuti amene analowa m'mudziwo ankayang'ana anthu m'manja. Wopezeka ndi inki m'zala ankati ndi wa boma. Achimwene anga a Manyozo ankalembera anthu a m'mudzi makalata. Anawatenga tsiku lomwelo, atavala nsapato imodzi.

Mayi anandikwecha zala ndi mwala wotsukira mapazi mpaka magazi. "Iwe sunapondeko kusukulu, wamva?" Ndinamva.

Tinayenda masiku anayi tikudya chinangwa chachiwisi. Tinatsata njanji mpaka ku Nayuchi, kenako ku Ntaja. Kumeneko mayi wina wachiyao anatipatsa phala ndi chitenje, osatifunsa n'komwe mayina.

Nkhondo inatha, koma ine inanditsalira m'dzanja. Ndinakwatiwa kwa Nsamala, ana asanu, paliponse ndikungodinda chala. Ndikaona bolopeni, ndinkabisa dzanja. Chala changa chachikuluchi chagwira ntchito kuposa kalaliki wa kwa Disi.

Mwezi wa Novembala, kutchalitchi kwathu timalemba mayina a omwalira kuti atchulidwe pa Misa. La achimwene silinkalowamo. Kupempha wina kuti andilembere dzina la munthu amene ankalembera mudzi wonse, ndinkaona ngati ndi chipongwe. Zinkandiwawa chaka ndi chaka.

Imvi zitayamba, anzanga a Nangondo anandikokera ku sukulu ya kwacha. Ndinkakhala kumbuyo, manja m'chitenje, ngati wodwala malungo. Tsiku lina aphunzitsi anati aliyense alembe ndiwo zimene wadya dzulo, ndipo anaima pambali panga osachoka. Thukuta lili kamukamu, ndinalemba: nhemba.

Aphunzitsi anayang'ana kope, n'kundiyang'ana ine.

"Iyayi amayi, inu simunayambe lero! H ameneyu mwamutenga kuti? Ife timalemba Y. Izi ndi nyemba za Chipwitikizi!"

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Ine ndinadikira kuti wina andigwire pamkono. Anandigwiradi, koma anali a Nangondo, akufuna kuonera.

Novembala atafika ndinatenga pepala, n'kulemba ndekha. Bambo mfumu anawerenga mayina bwinobwino mpaka anafika pa la achimwene limene ndinalemba ine, pamenepo anakakamira.

"Man... Manihozo?"

H uja anali atandizembera kachiwiri. Ndinaimirira, chiseko ndi misozi zikulimbirana.

"Manyozo, bambo. Ndalemba ndine."

Anabwereza mokweza, mpingo wonse n'kumva. Mayi anagona ku Ntaja, ndipo timakalambula pamanda pawo. Pamene achimwene anagona sitidziwapo, koma tsiku limenelo dzina lawo linafika ku Malawi.